Ntchito imapezeka pocheza: nanga amene kucheza kumawavuta?

Ku Mchinji kuno ntchito siipezeka m'nyuzipepala. Imapezeka pa maliro, pa bawo, pa depoti, kapena potuluka m'tchalitchi, wina akakukokera pambali n'kukunong'oneza kuti, "Bwana uja wogula soya pa Kamwendo akufuna mnyamata wa pa sikelo." Amene amatha kupereka moni wautali, kufunsa za ana ndi za kumunda, kuseka pamene ena akuseka, ndiye amamva msanga. Amene zimenezi zimamuvuta amamva malo atatengedwa kale.

Mlongo wanga ndi mmodzi wa omva mochedwawo. Ndi bambo wamkulu, wa zaka zopitirira 30, ndipo ali ndi autism. Mukampatsa foni yoti inagwera m'madzi, amaimasula n'kundandalika tizitsulo tonse pa nsalu yoyera motsatana ndi mmene watichotsera, ndipo nsima imazizira iye asanadzuke. Koma mukampatsa moni amayankha akuyang'ana paphewa panu, ndipo "kaya inu" amaiwala. Pa shopu ina pomwe ankagwira ganyu anamuchotsa chifukwa anauza kasitomala, mwini shopu ali pomwepo, kuti batire lomwe akufuna kugulalo si lenileni. Ananena zoona. Chomwe mwini shopu anapsera mtima, mpaka lero sachimvetsa.

Autism si nthenda yopatsirana, komanso palibe mankhwala oichotsa. Ndi mmene ubongo wa munthu unakulira kuyambira ali khanda. Munthu wotere amavutika kuwerenga nkhope za anzake ndi kumva zokuluwika. Mukamuuza kuti "ndikubwera pompano" amadikiradi pompano. Amafuna kuti zinthu zizichitika mwa nthawi zonse, ndipo zikasintha mwadzidzidzi mtima umamuthawa. Ambiri phokoso la chigayo kapena la masipika a pamsika limawapweteka ngati mmene dzino limapwetekera. Ena salankhula n'komwe ndipo amafunika wowasamalira moyo wawo wonse. Ena amalankhula bwinobwino, anafika Fomu 4, ena mpaka ku koleji. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti mwa ana 100 aliwonse, pafupifupi mmodzi amakhala wotere. Kumudzi timangoti ndi wamwano, wozerezeka, kapena timanong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira kuti bizinesi iziyenda.

Nkhani za autism zikamakambidwa pa wailesi, zimakhala za ana. Timaiwala kuti anawo amakula, amamera ndevu, ndipo makolo awo amakalamba. Dokotala wa ku America, Leo Kanner, atalemba za ana 11 m'chaka cha 1943, woyamba pa mndandanda wake anali mnyamata wotchedwa Donald Triplett. Mnyamatayo anakulira m'tauni yaing'ono ya Forest ku Mississippi, anagwira ntchito ku banki ya m'tauniyo zaka zambirimbiri, ankayendetsa galimoto, ndipo anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Banja lake linali lopeza bwino, inde, koma chinamuthandizanso n'chakuti anthu a m'tauni mwake ankamudziwa ndipo anamusiyira malo. Ambiri sapeza mwayi wotero. Ku UK, dziko la maofesi ndi malamulo ambiri, chiwerengero cha boma chomwe chinatuluka mu 2021 chinaonetsa kuti mwa akuluakulu 100 a autism, 22 okha ndiwo anali pantchito.

Kwathu kuno malamulo alipo. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha ulumali, ndipo lina latsopano la 2024 linasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. FEDOMA imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, PODCAM ndi ya makolo. Koma lamulo silingakunong'oneze kuti pa Kamwendo pakufunika munthu wa pa sikelo. Zimenezo amanena ndi mnzako. Ndipo taona kale pa anzathu achialubino, kudzera ku bungwe lawo la APAM, kuti mawu a eni ake amamveka mosiyana ndi mawu a owalankhulira.

Anthu a autism kunja anazindikira zimenezi kalekale. Mu 1992, Jim Sinclair, Kathy Grant ndi Donna Williams, onse atatu a autism, anayambitsa gulu la Autism Network International atatopa ndi misonkhano ya makolo ndi madokotala komwe ankakambidwa ngati kuti iwo palibe. Kuyambira 1996 ankachita msonkhano wawowawo wotchedwa Autreat. Chomwe chimandisangalatsa ndi tizikwangwani tomwe ankavala pachifuwa. Kofiira kankatanthauza kuti musandilankhule. Kachikasu, andilankhule okhawo amene ndinawalola. Kobiriwira, ndikufuna kucheza koma kuyamba ndiye kumandivuta, yambani ndinu. Tizikwangwani totere munthu angadule pa katoni ya sopo, n'kupaka choko cha mitundu.

Mlongo wanga sanamvepo za Jim Sinclair, koma ali ndi mnzake, telala wina wa pa boma, amene naye anthu amamunena kuti ndi wosachezeka. Amakhala pakhonde limodzi, wina akupalasa makina, wina ali ndi kasukuludalaiva m'manja, mwina ola lathunthu osatulutsa mawu. Mayi akabwera kudzatenga diresi, foni yake ili yosweka galasi, telalayo amangoloza ndi chibwano. Wobwera kudzatenga foni, thalauza litang'ambika, amalozeredwa mbali inayo. Palibe anawauza kuti agwirizane motero. Awiriwa akupezerana makasitomala omwe aliyense payekha sakanawapeza, ndipo ine ndimati gulu longa la Sinclair lija layamba kale pakhonde limenelo, kungoti likufunika wachitatu ndi wachinayi.

Kayendetsedwe kake sitingakasake kutali. Banki m'khonde timaidziwa tonse: tsiku lake ndi lomwelo, ola lake ndi lomwelo, malamulo analembedwa m'kope, ndipo aliyense amadziwa chomwe chitsatire chikatha ichi. Dongosolo lotere ndi lomwe munthu wa autism amapumira nalo bwino. Zofunika kuchotsamo ndi zomwe ife timaziona ngati zokometsera msonkhano: nyimbo yotsegulira ya m'manja, kuimiritsa aliyense kuti adzifotokoze, ndi mlendo wolemekezeka wofika mochedwa maola awiri. Malo akhale kutali ndi msika ndi chigayo, monga kalasi ya pasukulu Loweruka kapena kachipinda ka kutchalitchi. Anthu asachuluke. Wofuna kutuluka panja kukapuma atuluke osapempha, ndipo wogwedezeka thupi kapena woseweretsa zala asamuyang'anitsitse, chifukwa ndi mmene amadzikhazikira mtima pansi. A ku Mkanda ndi ku Kapiri sangalipire kabaza mlungu uliwonse, choncho gulu la pa WhatsApp lingathandize, makamaka poti ambiri a iwo amafotokoza bwino polemba kusiyana ndi pakamwa.

Zokambirana zake zikhale za ntchito yeniyeni. Amene wamva kuti kwinakwake akufuna munthu, anene. Amene anachotsedwa afotokoze zomwe zinachitika, anzake amuthandize kuona pomwe panakhota. Aphunzitsane kutchula mtengo ndi kuukakamira, chifukwa mlongo wanga kasitomala akangoti "ndilibe", iye amakhulupirira. Aliyense alembe kapepala kopita nako kwa bwana, konena zomwe amatha ndi zomwe zimamuthandiza: mundiuze ntchito imodzi nthawi imodzi, mundilembere, mukafuna kusintha nthawi mundiuziretu dzulo lake. Ndipo apemphe kuyesedwa ndi ntchito m'malo mwa mafunso. Ku Denmark, Thorkil Sonne, bambo wa mwana wa autism, anatsegula kampani ya Specialisterne mu 2004, yomwe imaona luso la munthu pomupatsa zochita m'malo momukhazika pampando n'kumamufunsa mafunso. Kumeneko ntchito yake inali yofufuza zolakwika m'mapulogalamu a kompyuta. Kuno ntchito zofuna diso losaphonya ziliponso: kusankha mtedza wachuku, kulemba makilogalamu pogula mbewu, kusunga kaundula wa Airtel Money kapena Mpamba, kulongosola mapepala a katundu wodutsa pa chipata cha Mwami, chomwe chinamangidwanso mwatsopano n'kutsegulidwa mu 2022. Tisanamizane kuti aliyense wa autism ndi katswiri wa masamu. Wina luso lake ndi nkhuku, wina njerwa, wina alibe luso lodabwitsa lililonse koma amafika pantchito nthawi yake tsiku ndi tsiku. Anthu asanu akapita limodzi kukafunsa za maphunziro a TEVETA kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, savuta kuwamvera kusiyana ndi mmodzi woyang'ana pansi.

Paja Mtukula Pakhomo anayambira m'boma lathu lino mu 2006, kuthandiza mabanja osaukitsitsa omwe alibe wogwira ntchito. Anthu ndikunenawa ambiri mphamvu ali nazo, chomwe akusowa ndi wowalozera khomo.

Pa ndalama ndiye pofunika kusamala. Munthu wokhulupirira chilichonse chomwe wauzidwa sachedwa kudyeredwa, choncho zosonkha ndi ngongole zidikire mpaka anthu atadziwana. Amayi a autism, omwe nthawi zambiri sadziwika chifukwa mtsikana wofatsa timamuyamikira, angafune nthawi yawoyawo yokambirana za mabwana ndi makasitomala amene amapezerapo mwayi pa kufatsako.

Chovuta kwambiri chili kwa ife achibale. Tinazolowera kuwayankhira. Munthu akafunsa mlongo wanga funso, iye amatenga kanthawi kulisinkhasinkha, ndipo kanthawi kameneko ife timakadzaza ndi mawu athu. M'gulu lawo wapampando akhale mmodzi wa iwo, mlembi chimodzimodzi, ife tidikire panja pokhapokha mwini wake atatiitana, monga amene salankhula ndipo akufuna womuthandiza kuloza zithunzi kapena kulemba. Pakhomo pasakhalenso wofunsa kalata ya kuchipatala. Mlongo wanga anakauzidwa za autism yake ndi dokotala ku Lilongwe ali kale wamkulu, titagulitsa mtedza kuti tipeze thiransipoti. Mnzake telala uja sanapiteko, ndipo ambiri a ku Mkanda sadzapitako.