Kadzidzi ndi mbewa za m'munda mwathu

Kadzidzi akalira pa denga usiku, ambiri timadzuka mtima uli m'mwamba. Tinakula tikumva kuti mbalameyi imalosera maliro kapena kuti yatumidwa ndi afiti, choncho ena amaigenda, ena amagwetsa mtengo umene imagonamo. Pa sukulu ya alimi timaphunzira poona ndi maso athu. Tiyeni tione chimene kadzidzi amadzera pakhomo ndi kumunda.

Mdani amene tonse timamudziwa

Mbewa imene imavutitsa kwambiri m'minda ya chimanga ndi kapuku. Imafukula mbewu tikangobzala, imadya mtedza uli m'nthaka, ndipo tikakolola imatitsatira mpaka ku nkhokwe, kumene imakumana ndi makoswe. Kapuku amakhala ndi bere masiku pafupifupi 23 okha, ndipo kawirikawiri amaswa ana 10 mpaka 12 nthawi imodzi. Anawo akakwanitsa miyezi pafupifupi 3 amatha kuyambanso kuswana. N'chifukwa chake munda umene unali ndi mauna ochepa mu Januwale umapezeka utadzaza mbewa pofika nthawi yokolola.

Mmene kadzidzi amasakira

Akadzidzi alipo a mitundu ingapo. Amene amakonda kukhala pafupi ndi anthu ndi uja wa nkhope yoyera, wogona m'madenga a matchalitchi, m'nyumba zakale ndi m'mphako za mitengo. Chakudya chake chachikulu ndi mbewa ndi makoswe.

Nkhope yake yonga mbale imasonkhanitsa phokoso n'kulilowetsa m'makutu. Khutu lina lili m'mwamba pang'ono kuposa linzake, ndipo zimenezi zimamuthandiza kudziwa malo enieni amene mbewa ikuyenda ngakhale mu mdima wandiweyani. Nthenga zake n'zofewa, moti akamauluka mbewa simumva.

Kadzidzi mmodzi amadya mbewa 3 kapena 4 usiku umodzi. Akakhala ndi ana m'chisa, banja lonse limadya mbewa zoposa 1,000 pa chaka. Ndiye akatera pa denga lanu, nthawi zambiri watsatira makoswe a m'nkhokwe. Kulira kwake n'koitana mnzake kapena kuchenjeza akadzidzi ena kuti derali lili ndi mwini.

Alimi a ku Israel anayamba kumangira akadzidzi mabokosi ogonamo m'zaka za m'ma 1980, ndipo ku Malaysia amachita chimodzimodzi m'minda ya kanjedza wa mafuta. Cholinga chawo n'kuchepetsa mankhwala ophera makoswe.

Kuopsa kwa mankhwala

Mbewa ikadya poizoni, monga tameki, imafooka n'kugwidwa mosavuta. Kadzidzi, mphaka kapena galu akaidya, nayenso amadwala kapena kufa. Kumbukiraninso kuti ana athu amakumba mbewa m'minda yomweyo n'kudzazichita ndiwo. Akadzidzi akatha, mbewa zotsala zimaswana popanda woziletsa.

Zimene tingachite

1. Tisiye mitengo ikuluikulu ya mphako m'malire a minda.
2. Tizike mitengo yotalika mamita 2 kapena 3 m'munda, yokhala ndi kamtengo kopingasa pamwamba, kuti kadzidzi azitera pamenepo podikira mbewa.
3. Tikhome bokosi la matabwa lokhala ndi khomo lokwana dzanja la munthu wamkulu, n'kulipachika pa mthunzi, mamita 3 kapena 4 kuchokera pansi. Ngati a pakhomo ali ndi mantha, liikidwe kumunda, kutali ndi nyumba.
4. Tiuze ana kuti asamagende akadzidzi ndi legeni kapena kutola mazira awo.
5. Nkhuku zizigona m'khola lotseka. Akadzidzi akuluakulu amatha kugwira nkhuku yogona mu mtengo.

Kadzidzi yekha sangathe mbewa zonse. Tipitirize kutchera misampha, kupalira pa nthawi yake, kulambula pozungulira nkhokwe ndi kukulunga malata ku miyendo ya nkhokwe kuti makoswe asakwere.

Ntchito ya gulu sabata ino

Kadzidzi amameza mbewa yathunthu, kenako amalavula ubweya ndi mafupa ataumbika ngati kampira kakuda. Fufuzani pansi pa mtengo kapena denga limene amagona, mutole timipirati 10. Gwiritsani ntchito timitengo, osati manja, ndipo mukamaliza sambani ndi sopo. Tiviikeni m'madzi, tiphwanyeni pa pepala, muwerenge zigaza za mbewa zimene mwapeza, ndipo mlembi alembe chiwerengerocho.

Mukatero kambiranani ndi alangizi mafunso awa:

1. Kodi mbewa zinawononga mapando angati pa munda wathu wophunzirira chaka chatha?
2. Kodi m'mudzi mwathu akadzidzi achuluka kapena achepa poyerekeza ndi kale? Chasintha n'chiyani?
3. Tingakambirane bwanji nkhaniyi mwaulemu ndi amfumu komanso akuluakulu amene amaiona mosiyana ndi ife?