Musanaigulitse pa sikelo: mmene mungadzutsire galimoto yakale ngati MGB pakhomo

Pafupifupi dera lililonse m'tauni muno lili ndi galimoto yomwe inaima kalekale. Ili pansi pa mtengo wa mango, matayala anaphwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Tsiku lina amabwera anyamata ogula zitsulo, kuiphwasula ndi mahamala, n'kulipira pa kilo ngati mbaula yakutha. Chonsecho pa YouTube ndi TikTok timakhalira kuonera anzathu akunja akudzutsa galimoto zamtundu womwewo n'kuzisandutsa chuma.

Kodi zingatheke kuno, pakhomo, popanda galaja yapamwamba? Zingatheke ndithu. Koma chimene chimagwetsa ambiri ndi kuyambira kumapeto: penti, marimu, sipika. Ndondomeko yake ndi iyi: mapepala, bodi, mabuleki, injini, mawaya, ndiye penti pomaliza. Titenge chitsanzo cha MGB, kagalimoto kothamanga ka ku Britain ka mipando iwiri.

Bwanji MGB?

Inkapangidwa ku Abingdon, pafupi ndi Oxford, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo zinatuluka zoposa 500,000. Injini yake ndi ya masilinda anayi, 1798cc, yokhala ndi makabuleta awiri a SU. Mulibe kompyuta, mulibe masensa. Zomwe zinkagulitsidwa ku Britain chiwongolero chili kumanja, ndiye pamsewu wathu zimakwanira bwinobwino. Chifukwa zinapangidwa zambiri, ma spare ake akupangidwabe mpaka lero. Makampani monga Moss Europe ndi Rimmer Bros amagulitsa pafupifupi chilichonse, ndipo British Motor Heritage inayamba kupanganso bodi yatsopano yathunthu mu 1988. Zambiri zomwe zili m'munsimu zigwiranso ntchito pa Datsun, Ford Capri kapena Alfa Romeo yakale.

Choyamba: mapepala

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, funsani blue book. Onani ngati nambala ya chasisi ndi ya injini zikufanana ndi zolembedwa. Ngati mwini wake anamwalira, khalani pansi ndi akubanja, mugwirizane polemba. Si zachilendo kuti galimoto yomwe aliyense ankaiona ngati chiphakasa ikangowala, amalume ndi azakhali onse amakumbukira kuti ndi ya malemu. Pitaninso ku Road Traffic mukafunse zofunika posintha umwini. Galimoto yopanda mapepala siidzapeza COF kapena inshuwalansi, ndiye ndalama zanu zonse zidzathera pa chinthu chongojambulitsirapo zithunzi.

Chachiwiri: dzimbiri

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. MGB ilibe chasisi chapadera ngati cha lole kapena Land Cruiser. Bodi yomweyo ndiyo imanyamula chilichonse. Ndipo popeza yambiri ilibe denga lachitsulo, mphamvu yake ili m'zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko, zomwe amakanika amati ma sill. Mkati mwake muli zitsulo zingapo zowotchereredwa pamodzi, ndipo dzimbiri limayambira mkati, kunja kukuoneka bwino.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani maginito, muyendetse m'munsi mwa zitseko ndi m'mphepete mwa matayala. Pomwe sakugwira, dziwani kuti wina anamatapo fila. Bayani pansi ndi sikuludiraiva, makamaka pomwe pamaponda mapazi ndi mu buti. Kenako ikwezeni pa jeke n'kutsegula chitseko. Mpata wa chitseko ukasintha, kapena chikayamba kukana kutsekeka, bodiyo yafooka pakati.

Mankhwala a dzimbiri ndi amodzi basi: kudula pomwe paola n'kuwotchererapo chitsulo chatsopano. Fila ndi wosalazira, si wolimbitsira. Musanadule ma sill, wotcherani chitsulo chopingasa pakhomo la chitseko kuti bodi isapindike, ndipo malizani mbali imodzi musanayambe inayo. Muwotchi wa mageti ndi mabagla a pawindo akhoza kukhala katswiri pa ntchito yake, koma makina ake a ndodo amaboola lata lopyapyala la galimoto. Sakani yemwe ali ndi MIG kapena wodziwa kuwotcha ndi gasi. Ndipo thanki ya petulo ichotsedwe kaye. Ngakhale yopanda kanthu imaphulika.

Chachitatu: mabuleki

Galimoto iyenera kudziwa kuima isanadziwe kuthamanga. MGB ili ndi ma disc kutsogolo, ma drum kumbuyo. Zoyambirira zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, kutanthauza kuti paipi imodzi ikangoboka, mabuleki onse anayi apita. Sinthani mapaipi a labala, timalabala ta m'masilinda ndi mafuta onse, ngakhale zikuoneka zabwino. Fumbi la mabuleki akale likhoza kukhala ndi asbestos, ndiye musalipemerere, pukutani ndi kansanza konyowa. Matayala omwe akhala zaka khumi padzuwa ndi otha, kaya mapanga ake akuonekabe. Ndipo chonde aise, osalowa pansi pa galimoto yomwe yakhazikika pa jeke yekha kapena pa njerwa. Njerwa imaphwanyika osachenjeza.

Chachinayi: injini ndi petulo wathu

Osangoika batire n'kuliza. Chotsani mapulagi, thirani kaoyilo pang'ono mu silinda iliyonse, dikirani masiku angapo, kenako yesani kupukusa injini ndi sipanala. Ikatembenuka, mwayi ulipo. Khuthulani oyilo wakale, tsukani thanki, yeretsani makabuleta, ndipo musaiwale kuthira oyilo m'timiphika ta pamwamba pa ma SU. Mawaya a mapulagi amatsata 1-3-4-2. Masipanala anu a mamilimita akuvutitsani, chifukwa mabawuti ake ndi a mainchi: 7/16, 1/2 ndi 9/16 ndiwo muziwagwira kwambiri.

Pali zinthu ziwiri zokhudza petulo zomwe mavidiyo ambiri sangakuuzeni za kwathu kuno. Choyamba, Malawi wakhala akusakaniza ethanol mu petulo kuyambira 1982, wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake za ku Chikwawa. Ethanol amadya mapaipi akale a labala komanso amakoka chinyezi chomwe chimaoletsa thanki galimoto ikaima nthawi yaitali. Gulani mapaipi atsopano opirira ethanol. Chachiwiri, injini izi zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, yemwe anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa mu 2006. Mtovu uja unkateteza pokhalira mavavu. Mukamasula mutu wa injini, uzani a makina akuikireni pokhalira polimba. Apo ayi, muzithira mankhwala olowa m'malo mwa mtovu.

Chachisanu: mawaya

MGB zopangidwa 1967 isanafike zinalumikizidwa mosemphana ndi galimoto za lero: mbali ya pozitivu ndiyo imapita ku bodi. Mukalumikiza wailesi kapena chaja ya foni mosayang'ana, mwaiotcha. Zambiri mpaka cha m'ma 1974 zinali ndi mabatire awiri a 6 volts kuseri kwa mipando, osati kutsogolo. Mawaya a Lucas ali ndi mitundu yokhazikika: wabulauni uli ndi moto nthawi zonse, woyera umayaka mukatembenuza kiyi, wakuda ndi wa ethi. Ngati makoswe anadyamo, kugula mtolo watsopano wa mawaya kuli bwino kusiyana ndi kumata tepi paliponse.

Ndalama ndi nthawi

Tisanamizane. Ma spare ambiri ndi oitanitsa kunja, ndiye pali forex, mtengo wotumizira ndi msonkho wa MRA. Lembani mndandanda wonse musanayambe, muziitanitsa zinthu zambiri pakamodzi, ndipo funsani m'bale yemwe ali ku Joni kapena ku UK ngati angathandize. Jambulani chilichonse ndi foni musanamasule, ikani mabawuti m'timajumbo tolembedwa, ndipo sungani galimoto pansi pa denga. Pulasitiki yoifunditsa nthawi ya dzinja imasunga chinyezi, dzimbiri n'kumasangalala.

Ntchitoyi imatenga zaka, osati masabata, ndipo nthawi zambiri ndalama zolowa zimaposa mtengo womwe mungaigulitse. Ngati mwayesa ndi maginito ndi jeke n'kuona kuti bodi njoposa thumba lanu, palibe chochititsa manyazi. Ijambuleni bwino, muike pa magulu a galimoto zakale pa Facebook. Makabuleta awiri okha aja akhoza kukupatsani ndalama zoposa zomwe wa sikelo angakupatseni pa galimoto yonse.

Kwanuko kuli galimoto yanji yomwe yagona pansi pa mtengo? Tiuzeni dzina lake ndi chaka chake, osatchula nyumba. A zitsulo nawonso ali pa intaneti.