Tizilombo Tochotsa Chiphe cha Zitsulo M'madzi

Mwana aliyense amene anakhalapo m'kalasi amadziwa kuti madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa kuti tizilombo tife. Phunziroli ndi loona, koma pali chiphe china chimene sichiopa moto. Ichi ndi chiphe cha zitsulo monga mtovu, mkuwa, zinki ndi kadimiyamu, zimene zimasungunuka m'madzi otayidwa kuchokera ku migodi ndi ku mafakitale. Madzi otere akawiritsidwa, nthunzi imachoka koma chitsulo chimatsalira mumphika. Komanso zitsulozi sizivunda monga zivundira zinyalala. Zikalowa m'thupi zimaunjikana pang'onopang'ono m'mafupa, mu impso ndi m'chiwindi.

Anthu a m'chigawo cha Toyama, m'dziko la Japan, anaziona zimenezi. Mgodi wa Kamioka unkataya madzi okhala ndi kadimiyamu mumtsinje wa Jinzu, umene alimi ankathirira nawo mpunga. Odya mpungawo, makamaka amayi achikulire, impso zao zinaonongeka ndipo mafupa anafewa mpaka kumathyoka pa zinthu zazing'ono. Nthendayo inatchedwa itai-itai, kutsatira kulira kwa odwalawo, pakuti m'chinenero chao mawuwa amanena za ululu. Boma la Japan linavomereza m'chaka cha 1968 kuti gwero la nthendayo linali kadimiyamu wa kumgodi.

Njira yakale yoyeretsera madzi otere ndi kuthiramo laimu. Laimuyo amapha ukali wa asidi ndi kugwetsa zitsulo pansi, koma amasiya matope ochuluka zedi amene amasowa kotayira. Apa ndi pamene akatswiri anatembenukira kwa tizilombo tomwe tija ana amaphunzitsidwa kutiopa.

Aliyense amene anapondapo matope akuda a kudambo amakumbukira fungo longa la dzira lovunda. Fungolo limachokera kwa mabakiteriya a mtundu wina amene amakhala malo opanda mpweya wabwino. Ena mwa iwo amatchedwa Desulfovibrio. M'malo mwa mpweya umene anthu amapuma, iwo amagwiritsa ntchito mchere wotchedwa sulphate, umene umapezeka wambiri m'madzi a kumigodi. Potero amatulutsa mpweya wonunkha uja, wotchedwa hydrogen sulphide. Mpweyawu ukakumana ndi zinki, mkuwa kapena kadimiyamu wosungunuka, umagwirana naye n'kupanga timibulu tosasungunuka, ndipo timibuluto timadikha pansi monga ufa udikhira m'madzi. Madzi a pamwamba amatsala ndi chitsulo chochepa kwambiri.

Pamene nzeruyi inayesedwa pa ntchito yaikulu ndi ku Budel, m'dziko la Netherlands. Kumeneko kuli fakitale yoyenga zinki imene inayamba m'chaka cha 1892. Patapita zaka pafupifupi 100, madzi a pansi pa nthaka ya fakitaleyo anali atadzaza ndi zinki, kadimiyamu ndi sulphate, ndipo panali mantha akuti afalikira kumadera oyandikana nawo. M'chaka cha 1992 kampani ya Paques inamanga thanki yaikulu yoweteramo mabakiteriya aja. Madziwo anayamba kupopedwa pansi n'kulowetsedwa m'thankimo, malita mamiliyoni angapo tsiku lililonse. Popeza mabakiteriya nawo amafuna chakudya, anapatsidwa ethanol, amene ndi mowa womwe uja uli m'kachasu. Mpweya wonunkha wotsala unaperekedwa kwa mabakiteriya a mtundu wina m'thanki yachiwiri, amene anausandutsa sulufule wachikasu.

Phindu lalikulu linali m'matope odikha aja. Zinki wogwirana ndi sulufule ndiye mwala womwewo umene fakitaleyo imagula kumigodi. Motero matopewo sanafune dzenje lotayira. Anabwezedwa kung'anjo, ndipo zinki amene anali chiphe m'madzi anatuluka ali chitsulo chogulitsa, chonga chija amakutira nacho malata kuti asachite dzimbiri.

Komabe mabakiteriya ndi zamoyo, ndipo ayenera kusamalidwa monga ziweto. Akasowa chakudya ntchito imaima. Kukazizira kwambiri amachita ulesi, ndipo madzi akakhala ndi asidi woposa muyeso amafa. Chinanso, iwo sathetseratu chitsulo. Amangochichotsa m'madzi ndi kuchiunjika malo amodzi, kumene munthu ayenera kuchitenga mosamala. Matopewo akangosiyidwa pamtetete, mpweya ndi mvula zimasungunulanso chiphe chija.

Nkhaniyi siili kutali ndi dera lino. M'mwezi wa February 2025 damu losungira zotayidwa za mgodi wa mkuwa linagumuka ku Chambishi, m'dziko la Zambia. Madzi a asidi ndi zitsulo anatsikira mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo mipopi ya mumzinda wa Kitwe inatsekedwa. Boma linatumiza ndege za nkhondo kukawaza laimu mumtsinjemo, pakuti pa chigumula chotero mabakiteriya sakanathandiza. Ntchito yao ndi ya tsiku ndi tsiku, pafakitale pomwepo, madzi asanatuluke pampanda.

N'chifukwa chake aphunzitsi achita bwino kuuza ana kuti si tizilombo tonse timene tili adani. Ndipo achinyamata amene atsiriza sukulu nafuna ntchito za migodi ndi za madzi adziwe kuti migodi ikamachuluka, pamafunikanso anthu odziwa kuyeza madzi ndi kusamala mathanki a mabakiteriya amenewa.