Thiraki Ikagwa pa Chiweta, Alipire Katundu Ndani?

Thiraki ikagubuduzika pa Chiweta kapena pa Linthipe, apolisi amapeza ena atafika kale. Matumba a feteleza, shuga kapena simenti amakhala atayamba ulendo wina, pamutu ndi panjinga, kulowera kumidzi. Dalaivala akapulumuka amaimbira bwana wake, bwanayo n'kuimbira mwini katundu, ndipo m'pamene awiriwa amazindikira kuti aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye anadula inshuwalansi.

Chisokonezo chimayambira pa kapepala ka inshuwalansi komatidwa pagalasi la galimoto. Lamulo la pamsewu m'dziko muno limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi, koma imeneyo ndi yolipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza kapena kuwaonongera zinthu. Matani 30 amene ali kumbuyo aja siiwadziwa n'komwe. Ngakhale mwini thiraki atadula ija yaikulu yokonzetsera galimoto yake, katundu amakhalabe pambalambanda. N'chimodzimodzi Yellow Card ya COMESA imene madalaivala amaonetsa pa Mchinji ndi pa Songwe: imateteza anthu apamsewu m'maiko amene mwalowamo, osati kontena. Ku Mozambique khadiyi sigwira ntchito, moti wodutsa pa Mwanza kapena pa Dedza amagula ina pachipata.

Katundu ali ndi inshuwalansi yakeyake, ndipo imabwera pawiri. Ina amadula ndi mwini thiraki, kuti katundu wa kasitomala akaonongeka m'manja mwake, kampani imulipirire. Imeneyi imakhala ndi malire a ndalama pa ulendo uliwonse, ndipo kawirikawiri imalipira pokhapokha ngati wonyamulayo ali ndi mlandu. Ina amadula ndi mwini katundu, pa mtengo weniweni wa katunduyo. Wamalonda amene wauzidwa kuti thiraki ili ndi inshuwalansi ya katundu afunse kuti ndi ya ndalama zingati, chifukwa malire amene angakwanire thiraki ya chimanga sangafike n'komwe pa kontena ya mankhwala kapena mafoni. Awerengenso timalemba ting'onoting'ono ta kuseri kwa chikalata chonyamulira katundu. Makampani ambiri amalembamo kuti katundu akuyenda mwini wake atavomera kuti chilichonse chikachitika n'chake.

Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa anzathu okhala m'mbali mwa nyanja ya mchere. Mafuta, feteleza ndi zitsulo zimatsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban; fodya, tiyi, shuga ndi nandolo zimatulukira komweko. Kuchoka ku Beira kukafika ku Blantyre kudzera ku Tete ndi makilomita oposa 800. Oitanitsa katundu ambiri amagula pa mgwirizano wa CIF, umene mtengo wake umaphatikiza katundu, inshuwalansi ndi sitima, ndipo amagona tulo poganiza kuti zonse zili m'malo. Koma pepala likati CIF Beira, wogulitsa udindo wake wodula inshuwalansi umathera padoko la Beira, ndiponso amaloledwa kudula yotsikitsitsa. Gawo la ulendo lokhala ndi maenje, akuba ndi mizere ya pachipata cha Zobue limatsala lopanda mwini.

Yotsikitsitsayo ndi iti? Makampani ambiri padziko lonse amatsata malamulo otchedwa Institute Cargo Clauses, amene ali m'magulu atatu, A, B ndi C. Gulu C limalipira zinthu zowerengeka, monga moto, kumira kwa sitima, kugundana ndi kugubuduzika kwa galimoto. Kuba mulibe. Gulu A ndiye lotambalala, koma nalonso lili ndi zimene limakana: katundu wolongedzedwa mosasamala, woonongeka yekha mwachibadwa, kapena woonongeka chifukwa chochedwa panjira. Tomato kapena nkhuku zikaolera pamzere wa pachipata, musayembekezere kanthu ngati simunagwirizane mwapadera.

Nkhondo, zipolowe ndi sitalaka nazo zimagulidwa padera, ndipo apa sitikunena zongopeka. M'chaka cha 2016 mathiraki ankayenda m'mdipiti woperekezedwa ndi asilikali m'chigawo chapakati cha Mozambique chifukwa cha kulimbana kwa boma ndi Renamo. Kumapeto kwa 2024, ziwonetsero zotsatira chisankho m'dzikomo zinatseka misewu, mathiraki n'kuima masiku ambiri pamene kuno anthu ankagona pa malo omwetsera mafuta. Pakati pa zaka ziwirizo, mu Malichi 2019, namondwe Idai anasakaza Beira n'kudula msewu wotuluka mumzindawo.

Palinso mdani amene amakhala m'galimoto momwemo. Mu Novembala 2016, thanki ya petulo yochokera ku Beira kubwera ku Malawi inaphulika pa Caphiridzange m'chigawo cha Tete pamene anthu ankatunga mafuta, ndipo anthu oposa 70 anafa. Kugulitsa mafuta kapena katundu panjira ndi nthenda yakale pa misewu imeneyi, ndipo inshuwalansi zambiri za eni mathiraki sizilipira ngati wakuba ndi wantchito wawo yemwe. N'chifukwa chake makampani amaika zofunika kutsata: thiraki ikhale ndi kachipangizo koilondola, igone pamalo otetezedwa, isasiyidwe yokha, isapyoze muyeso wa katundu. Mwini thiraki amene amawonjezera matani angapo n'kumazemba sikelo ya pa Balaka akudzichotsera yekha chitetezo chimene walipira.

Vuto lina limene lapweteka ambiri ndi la kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anasiya mtengo wakale pa inshuwalansi yake anatsala ndi chitetezo choperewera, ndipo kampani imalipira molingana ndi kuperewerako. Tiyerekeze kuti katundu ndi wa K100 miliyoni koma munalembetsa K60 miliyoni, ndiye theka laonongeka. Simulandira K50 miliyoni ayi, koma K30 miliyoni, kuchotsaponso gawo limene munavomera kudzilipirira nokha. Powerenga mtengo muikemonso ndalama yonyamulira ndi msonkho wa MRA ngati unalipiridwa kale.

N'zoona kuti ambiri sakhulupirira makampani a inshuwalansi. Amati polandira ndalama amamwetulira, polipira amafunsa mapepala osatha. Mbali ina dandauloli n'lomveka, ndipo makampaniwo sadzithandiza polemba migwirizano yawo m'Chingerezi cha maloya chimene mwini mathiraki awiri wa ku Kanengo sangachimasule yekha. Komabe madandaulo ochuluka amagwa chifukwa cha zinthu zopeweka: kuchedwa kudziwitsa kampani, kusowa lipoti la apolisi, kusajambula zithunzi, kapena kusaina kuti katundu wafika bwino kontena isanatsegulidwe. Amene wakanidwa popanda chifukwa ali nako kopita, pakuti makampani onse a inshuwalansi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, imene imalandira madandaulo a makasitomala.

Thiraki isananyamuke, mwini katundu ndi mwini galimoto akhale pansi, atulutse mapepala onse awiri, aone ulendo umene walembedwa, malire a ndalama ndi zimene zakanidwa. Ngati dzina la tauni imene katundu akukatsikira silikuoneka papepalapo, itanani kampani kapena wokuimirirani alilembemo musanapakire.