Msangu, Mtengo wa M'munda wa Cimanga

Alimi ambiri amadula mitengo m'minda yao. Amati mthunzi umaononga cimanga. Ndi zoona, cimanga cimakonda dzuwa. Pansi pa mtengo wa mango cimaonda ndipo sicibereka bwino.

Koma pali mtengo wina umene alimi anzeru sadula. Dzina lake ndi msangu. Ena amati musangu. Ndi mtengo waukulu, waminga, ndipo umapezeka m'malo ambiri m'Zambia.

Mitengo ina imaphuka masamba mvula ikayamba. Msangu iai! Mvula ikayamba, msangu umayoyola masamba ake. Umatsala nthambi zokhazokha ngati wauma. Motero dzuwa limafika pa cimanga bwinobwino.

Masamba akugwa aja amaola ndi kusanduka manyowa. M'masambamo muli cakudya ca mbeu cochedwa naitrojeni. Cakudya cimeneci ndi cimene cilinso m'feteleza amene alimi amagula. Koma feteleza ndi wodula, ndipo caka ciliconse afunika kugula wina. Msangu umathira manyowa ake kwaulere. Cimanga ca pansi pake cimakhala cobiriwira, ca mapesi onenepa.

M'cilimwe msangu umaphukanso masamba. Ng'ombe zimapuma pamthunzi pake. Zimadya nyemba zake zimene zimagwa pansi, pa nthawi imene udzu wauma. Ndowe zake zimatsala m'munda momwemo.

Nanga n'cifukwa ciani alimi ena sabzala msangu? Mtengowu umafuna kudikira. Njere zake ndi zolimba. Mlimi amayamba wazipala pang'ono kuti madzi alowe, kenaka amazifesa pa nazale. Mbande zikakula, amaziokera kumunda. Alangizi a zaulimi amati pakati pa mtengo ndi mtengo pazikhala mamita 10. Motero pa hekitala imodzi pamakhala mitengo 100. Pamapita zaka zingapo kuti mitengoyo iyambe kudyetsa nthaka.

Pa zaka zimenezi kamtengo kali pangozi. Anthu akakolola, mbuzi zimamasulidwa ndipo zimadya nsonga zake. Anyamata osaka mbewa nao amayatsa moto m'minda. Moto wa tsiku limodzi ungathe kupha timitengo tonse!

N'cifukwa cake mlimi amachinga kamtengo kalikonse ndi minga kuti mbuzi zisafike. Amalimiranso udzu kuzungulira kamtengoko. Moto ukabwera, umasowa podutsa.