GENI YA TAIGA KU INDIA: KULIPIRA KATUNDU YEMWE MWINA SIMUMUONA

Inu a pa msika, tangoganizani kasitomala wafika pa benchi panu, walipira ndalama zonse, inu nkumuuza kuti katunduyo mwina amuona mwina ayi, koma ndalama sizibwezedwa. Ku Limbe kapena ku Tsoka wogulitsa wotere angagone ku polisi tsiku lomwelo. Koma ku India iyi ndi geni yovomerezeka ndi boma, ndipo makasitomala amalimbirana malo kudakali miyezi.

Katundu wake ndi taiga.

Ambirife dzinali tidalidziwira ku mpira, kaamba ka timu ija idatchuka ndi dzina loti ADMARC Tigers. Chilombo chenichenicho kuno kulibe, ndipo mu Africa monse mulibe taiga wa m'tchire. Ena amati ndi nyalugwe, koma nyalugwe wathu ndi wamawangamawanga ndipo pamaso pa uyu ndi kamwana chabe. Taiga ndi wofiirira, wamizere yakuda, ndipo wamphongo wamkulu amapitirira makilogalamu 200. Amenewo ndi matumba anayi a chimanga oyenda okha, opanda ndi phokoso lomwe.

ULENDO WA M'MAMAWA

Titenge nkhalango ya Ranthambore m'chigawo cha Rajasthan, pafupi ndi tawuni ya Sawai Madhopur pomwe sitima yochokera ku Delhi imaima. Mlendo amadzuka kusanache. Malo amakhala atagula kale pa intaneti, ndipo pa geti amaonetsa pasipoti yomwe adalembetsa. Wakunja amalipira zambiri kuposa mwini dziko.

Galimoto zilipo za mitundu iwiri, zonse zopanda denga. Pali yaing'ono yotchedwa Gypsy yonyamula anthu 6, ndiye pali chilole chotchedwa canter chonyamula 20. Wochepekedwa m'thumba amakwera canter, monga momwe ife timachitira ndi matola. Nkhalangoyi adaigawa m'magawo 10, ndipo galimoto iliyonse imazungulira m'gawo lake lokha. Kutsika nkoletsedwa. Maola atatu ndi kanthu akatha, tulukani, kaya mwaona kaya simunaone.

Wolondolera alendo amayang'ana mapazi pa fumbi la mu msewu, koma chida chake chachikulu ndi khutu. Taiga akamayenda, nyama zina zimaulula. Pusi wotchedwa langur amakuwa ali pamwamba pa mtengo, agwape amawanga otchedwa chital amalira mokuwa, ndipo akabonga gwape wamkulu wotchedwa sambar, dziwani kuti mwini tchire ali pompo. Dalaivala amazimitsa injini, aliyense duu. Mbiri ikangomveka kuti taiga waoneka pakuti, galimoto zonse za m'gawolo zimathamangira komweko ngati maminibasi olimbirana pasinjala pa Wenela.

Tsiku lamwayi chilombocho chimatuluka mu udzu, kudutsa pakati pa galimoto osacheuka nkomwe, nkulowanso m'tchire. Mphindi ziwiri, basi. Anthu adutsa nyanja kudzaona zimenezo.

Tsiku latsoka mumabwerera mutaona ng'ona, mbalame ndi linga lakalekale la mafumu lomwe lili pa phiri m'kati mwa nkhalangoyo. Nchifukwa chake alendo ambiri salekera ulendo umodzi kapena nkhalango imodzi. Akachoka ku Ranthambore amalowera ku Madhya Pradesh, ku Bandhavgarh, Kanha ndi Pench. Ena amakwera kumpoto ku Corbett, ena mpaka ku Kaziranga ku Assam komwe kuli chipembere cha nyanga imodzi. Odziwa amapita mu Epulo ndi Meyi, pomwe kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo taiga amakakamizika kubwera ku madziwe otsala.

AKUDYA NDANI?

Kunja kwa geti ndiye kuli msika weniweni. Mahotela, madalaivala, olondolera alendo, ogulitsa tiyi, malaya ndi zosema za taiga, onsewa mpamba wawo ndi chilombo chomwe sichiwadziwa nkomwe. Dzinja likafika, kuyambira Julayi mpaka Sepitembala, magawo akuluakulu amatsekedwa. Imeneyo ndiye Januwale wawo.

Mu Julayi 2012 khoti lalikulu la India lidaletsa alendo kulowa m'kati mwenimweni mwa nkhalango za ataiga. Matawuni a pa geti adachita kakasi. Chiletsocho adachichotsa mu Okutobala chaka chomwecho, koma ndi lamulo loti alendo asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a malowo.

Ku Ranthambore kudali taiga wamkazi wotchedwa Machli, kutanthauza kuti nsomba m'chinenero cha Chihindi. Uyu sankaopa galimoto, ndipo mu 2003 adalimbana ndi ng'ona yaikulu anthu akujambula, mpaka adaipha, ngakhale mano ena adasiya pomwepo. Zithunzi zake zidazungulira dziko lonse nkukoka alendo kwa zaka. Atafa mu Ogasiti 2016, akuluakulu a nkhalango adamuchitira mwambo wa maliro nkuotcha mtembo wake monga amachitira ndi munthu. Amene adamangira nyumba pa msana pake ankadziwa chomwe ankalira.

ADATSALA PANG'ONO KUTHA

Akatswiri amayerekeza kuti cha m'ma 1900 India idali ndi ataiga pafupifupi 40,000. Mafumu a kumeneko ndi atsamunda a ku Mangalande ankawaombera ngati masewera, atakwera pa njovu, kwinaku nkhalango zikusanduka minda. Powerenga mu 1972 adapeza 1,827 okha.

Boma la Mayi Indira Gandhi lidakhazikitsa lamulo loteteza nyama chaka chomwecho, ndipo pa 1 Epulo 1973 lidayambitsa ntchito ya Project Tiger ndi nkhalango 9. Mwambo wake udachitikira ku Corbett, nkhalango yotchedwa dzina la mlenje Jim Corbett. Bambo ameneyu ndi uja mu 1907 adapha taiga wa ku Champawat yemwe ati adadya anthu 436 ku Nepal ndi ku India. Atakula adakonda kamera kuposa mfuti, ndipo adamwalirira ku Nyeri ku Kenya mu 1955.

Kwa zaka zambiri pambuyo pake malipoti a boma ankati ataiga akuchuluka. Ndiye kudabwera nkhani ya Sariska.

BENCHI LOPANDA KATUNDU

Sariska ndi nkhalango inanso ya ku Rajasthan. M'mabuku a boma, chaka cha 2004, mudali ataiga oposa 15. Alendo ankalipira pa geti, galimoto zinkalowa ndi kutuluka, koma taiga osaoneka. Anthu atayamba kufunsa, akuluakulu adati zilombozo zangosamukira kwina pang'ono, zibwera mvula ikatha.

Mu Januwale 2005 mtolankhani Jay Mazoomdaar adalemba m'nyuzi ya Indian Express kuti ku Sariska ataiga atha. Apolisi ofufuza milandu ikuluikulu adapita kukasaka, ndipo adatsimikiza: kulibe ndi mmodzi yemwe. Opha nyama mwakuba adali atakolola onse ndi misampha yachitsulo. Zikopa ndi mafupa zinkazembetsedwa kupita ku Tibet ndi ku China komwe mafupawo amapangira mankhwala. Chaka chomwecho adamanga Sansar Chand wa ku Delhi, yemwe ankamuganizira kuti ndiye ankaoda zikopa zambiri.

Nanga zidatheka bwanji kuti katundu athe pa benchi eni ake akuwerengabe phindu? Vuto lidali kawerengedwe. Alonda ankayenda m'tchire nkumajambula mapazi a taiga pa pepala kapena kuwaumba ndi pulasitala, mabwana nkumagamula kuti phazi ili ndi la uyu, ilo ndi la winayo. Taiga mmodzi woponda pa mchenga, pa matope ndi pa fumbi ankatha kusanduka atatu m'kaundula. Komanso ndi bwana uti angalembe yekha kuti nyama za boma zachepa m'manja mwake? Ife amene tidakulira m'nthawi yomwe lipoti lililonse lopita kumwamba linkati zonse zili bwino, apa sitikudabwapo kanthu.

Nduna yaikulu Manmohan Singh adakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo pambuyo pake padabadwa bungwe la National Tiger Conservation Authority. Kuwerenga mapazi adakusiya. Tsopano amamangirira makamera m'mitengo omwe amajambula okha nyama ikamadutsa. Mizere ya taiga ili ngati chidindo cha chala, palibe awiri ofanana, choncho mmodzi sangalembedwenso katatu.

Zotsatira zake zidachititsa manyazi. Kawerengedwe kakale mu 2002 kankati ataiga alipo 3,642. Katsopano mu 2006 kadapeza 1,411. Kuwawa kudawawa, koma kuyambira pa nambala yoona imeneyo zinthu zidayamba kukwera: 1,706 mu 2010, 2,226 mu 2014, 2,967 mu 2018 ndi 3,682 mu 2022. Madhya Pradesh yokha idali ndi 785. Mwa ataiga anayi aliwonse a m'tchire pa dziko lapansi, atatu ali ku India, ndipo nkhalango zawo zotetezedwa zapitirira 50.

Ku Sariska adachita kukapikula kwina. Mu 2008 helikoputa ya asilikali idanyamula ataiga kuchokera ku Ranthambore kukayambitsanso mbeu. Nkhalango ya Panna, yomwe nayo idapezeka yopanda taiga mu 2009, adaichitanso chimodzimodzi. Zoterezi kuno tidaziona ku Majete, komwe nyama zidatha ndi opha mwakuba mpaka bungwe la African Parks lidatenga nkhalangoyo mu 2003, ndipo mikango idachita kubwera kuchokera ku South Africa mu 2012.

WOLIPIRA MWAKACHETECHETE

Taiga woyamba uja adatsitsidwa ndi helikoputa ku Sariska adapezeka atafa ndi poizoni mu 2010. Izi zikutikumbutsa kuti pali anthu ena omwe pa geni imeneyi sapatsidwa lisiti. Mlendo amaona taiga ali pa galimoto, madzulo nkukagona ku hotela. Mlimi wa m'mphepete mwa nkhalango amagona naye khomo limodzi. Ng'ombe yake ikagwidwa amayamba kuyendera chipukutamisozi ku maofesi, ndipo aliyense amene adayenderapo ndalama ku boma akudziwa kuti nsapato zimatha.

Midzi ya m'kati mwa nkhalango amaisamutsa. Kuyambira 2008 boma linkapereka ndalama za rupee 1 miliyoni pa banja, ndipo mu 2021 lidakweza kufika 1.5 miliyoni. Lamulo limati kusamukako nkodzifunira. Ena amalandira mokondwa poti kunja kuli sukulu ndi chipatala. Ena amakana kusiya malo a makolo awo, ndipo amadandaula kuti iwo akuuzidwa kutuluka pomwe galimoto za alendo zikulowa kawiri pa tsiku. Funso limenelo, kunena zoona, nlovuta kuliyankha.

Ku Sundarbans, nkhalango ya m'madzi ya m'malire a India ndi Bangladesh, alendo amayenda pa boti. Asodzi ndi ofula uchi amalowa wapansi, ndipo kudali nthawi yomwe ankavala chigoba cha nkhope ya munthu kunkhongo kuti taiga aziganiza kuti akumuona. M'midzi ya kumeneko muli amayi ambiri omwe amuna awo adapita ku ntchito m'nkhalango osabwerako.

Ngakhale ku Ranthambore komweko zidavutapo. Kudali taiga wamphongo wotchedwa Ustad, wokondedwa kwambiri ndi ojambula chifukwa ankagona poyera pa msewu. Mu Meyi 2015 mlonda wa nkhalango adaphedwa, ndipo uyu adali munthu wachinayi yemwe imfa yake adaikankhira pa Ustad. Akuluakulu adamubaya jakisoni wogonetsa nkumupititsa ku malo osungira nyama ku Udaipur. Okonda nyama a m'mizinda adachita zionetsero, ena adapita mpaka ku khoti kuti abwezedwe m'tchire, ati umboni ndi wosakwanira. Alonda omwe ankayenda wapansi m'dera lakelo sankamufunanso.

Makhoti sadasinthe chigamulocho. Ustad adakhala mu mpanda zaka zisanu ndi ziwiri mpaka adafa mu Disembala 2022.