Kubwezera gudumu lakutsogolo la njinga yamoto: fizikisi ili m'sipanala

Ambiri a inu mumakwera kabaza popita kusukulu kapena kumsika. Tayala lakutsogolo likatha, makaniko amachotsa gudumu, kusintha tayala, n'kulibwezera, basi ulendo nkumapitirira. Zimaoneka zophweka, koma kubwezerako kukalakwika, njinga imatha kukana kuima woyendetsa atagwira buleki. Ntchitoyi yagona pa fizikisi yomweyi mumaphunzira m'kalasi.

Tiyambe ndi tayala lenilenilo. Matayala ambiri a njinga yamoto ali ndi kamuvi m'mbali, kosonyeza komwe ayenera kuzungulira njinga ikamapita kutsogolo. Wopanga anakonza mizere ya patayala poganizira mbali imeneyo, kuti pamsewu wonyowa madzi azithawa ndipo rabala izigwira pansi. Ndiye musanakweze gudumu, yang'anani kamuvi kaye.

Gudumu limazungulira pa chitsulo chodutsa pakati pake, chomwe chimatchedwa axle. Chitsulochi chimalowa m'mafoloko awiri aja. Pakati pa gudumu ndi foloko pamakhala kachitsulo koboola kotchedwa spacer, ndipo nthawi zambiri ka kumanja sikafanana ndi ka kumanzere. Mukasinthanitsa kapena kuiwala kamodzi, gudumu silikhala pakatikati, ndipo ma bearing amapanikizika cham'mbali n'kutha msanga. Makaniko wosamala amayala zitsulozi pansi motsatana ndi mmene wazichotsera.

Tsopano buleki. Njinga zambiri za kabaza zili ndi buleki ya drum. Chivundikiro cha bulekiyi chili ndi kampata komwe kamalowa pa kachitsulo kotuluka pa foloko. Mukagwira buleki, friction imafuna kukoka chivundikirocho kuti chizungulire limodzi ndi gudumu, ndipo chimene chimachiletsa ndi kachitsulo kaja. Kakaphonya mpata wake, chivundikiro chimazungulira, n'kukoka kapena kudula kebulo ya buleki.

Pa buleki ya disc vuto lake ndi lina. Kuti disc ilowe bwino pakati pa ma pad awiri, makaniko amawakankhira kumbuyo, ndipo piston nayo imabwerera. Mukafinya chogwirira buleki koyamba, mafuta a buleki amangokankha piston kutseka mpata umene watsala, osagwira disc ayi. Mfundo ya Pascal imati pressure imafalikira mofanana m'madzimadzi otsekeredwa, koma pressure singakwere ngati piston sinakumane ndi chokaniza. Choncho finyani kangapo mpaka chogwiriracho chitalimba, njinga isanachoke pamalo.

Nanga nati ya axle timange motani? Apa ndi pamene pamabwera moment, yomwe amakaniko amati torque: mphamvu kuchulukitsa ndi utali wa sipanala. Tiyerekeze kuti buku la njinga likunena 60 Nm, ndipo sipanala yanu ndi yotalika mamita 0.3. Mphamvu yofunika ndi 60 ÷ 0.3 = 200 N, pafupifupi kulemera kwa chigubu cha madzi cha malita 20. Koma wina amalumikiza paipi ya mita imodzi ku sipanala n'kuimirira kumapeto kwake. Ngati thupi lake ndi la makilogalamu 60, ndiye kuti waika pafupifupi 600 N × 1 m = 600 Nm, kuwirikiza ka 10 mlingo wofunika! Zotsatira zake mazinga a nati amalala, kapena axle imatamuka n'kufooka. Kumanga mosakwanira nakonso n'koopsa, chifukwa kugwedezeka kwa pamsewu wa mabampu kumamasula nati pang'onopang'ono. Ngati natiyo ili ndi kapini kotsekera, ikani katsopano.

Njinga zina zili ndi mabawuti ang'onoang'ono kumunsi kwa foloko, opana axle. Amenewa amamangidwa pomaliza. Mangani axle kaye, tsitsani gudumu pansi, gwirani buleki, kenaka kanikizani mahandulo pansi mwamphamvu kangapo. Kutero kumapatsa foloko mpata woti idzipezere malo ake pa axle, kuti mafoloko onse awiri aime molunjikana. Mukayamba ndi mabawuti, foloko imodzi imatha kutsala yopendekeka pang'ono, friction mkati mwake imachuluka, ndipo pakapita nthawi mafuta amayamba kudontha.

Pomaliza, kwezani gudumu n'kulizunguliza ndi dzanja. Lizizungulira momasuka, osagwedera uku ndi uku. Yesani mpweya tayala lisanatenthe, chifukwa mpweya ukatentha pressure imakwera ndipo geji imakunamizani.

Tsiku lina kabaza wanu akadzasinthitsa tayala muli pompo, musadzachite manyazi kunena kuti, "Achimwene, tayesani kaye bulekiyo tisananyamuke." Kuyesako sikutenga ngakhale mphindi imodzi.